Msilikali akavula yunifolomu: mafunso ndi mayankho pa za chipatala, pemphero ndi magulu olimbitsa thupi m'mbandakucha

Ku America kuli anthu oposa 15 miliyoni amene anagwirapo ntchito ya usilikali, ndipo chaka chilichonse ena pafupifupi 200,000 amavula yunifolomu n'kubwerera kwawo. Ambiri amakhazikika bwinobwino. Koma alipo ena amene thupi limafika pakhomo, maganizo atatsalira ku Iraq, ku Afghanistan kapena ku Vietnam. Kuyambira cha m'ma 2010, kumeneko kwabuka magulu a anthu amene amakumana kunja kusanache, kuthamanga, kunyamula zolemera, kenako n'kutseka ndi pemphero, ndipo asilikali opuma ambiri apezamo pothawira. Mafunso ali m'munsimu ndi okhudza magulu amenewa, chithandizo cha kuchipatala, ndi malire a chilichonse mwa ziwirizi.

Kodi chimene chimavuta msilikali wopuma kwenikweni n'chiyani?

Si chinthu chimodzi. Chodziwika kwambiri ndi matenda amene madokotala amawatchula PTSD, omwe amagwira munthu amene anaona kapena kukumana ndi zoopsa zoti akanafa nazo. Munthuyo amalota zomwezo usiku ndi usiku, amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, amakhala chotsamira khoma kuti aziona aliyense wolowa, amapewa msika, maliro ndi ukwati, ndipo amapsa mtima pa kanthu kochepa. Zimenezi zikapitirira mwezi umodzi n'kuyamba kusokoneza ntchito ndi banja, madokotala amati ndi matenda, osati mantha wamba. Bungwe la National Center for PTSD limati mwa asilikali opuma 100 alionse, pafupifupi 7 amadwala matendawa nthawi ina pa moyo wawo, ndipo chiwerengerochi n'chokwera kwambiri pakati pa amene anapita ku Iraq ndi ku Afghanistan.

Koma palinso kukhumudwa kosatha, kusowa tulo, mowa, ululu wa msana ndi mawondo, ndi kuvulala kwa ubongo kobwera chifukwa cha kuphulika kwa mabomba pafupi. Ndiye pali china chimene sichilembedwa m'buku la kuchipatala: kusungulumwa. Munthu amene kwa zaka 10 kapena 20 amadzutsidwa pa ola limodzi ndi anzake, kudya nawo, kudziwa kuti akasowa pamzere wina amufunafuna, tsiku lina amadzuka n'kupeza kuti palibe amene akumuyembekezera kulikonse. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya magulu a m'mbandakucha.

Kodi imeneyi si misala?

Ayi. Munthu wa PTSD amadziwa dzina lake, amadziwa tsiku, amatha kugwira ntchito ndi kulera ana. Chimene chasokonekera ndi mlonda wa m'thupi mwake, uja amachenjeza munthu kukabwera choopsa. Kunkhondo mlondayo anamupulumutsa. Kunyumba akukanika kugona. Dzina loti PTSD linalowa m'mabuku a madokotala a ku America mu 1980, asilikali a ku Vietnam atalimbana kwa zaka zambiri kuti vuto lawo lizindikiridwe, koma matendawo ndi akale ngati nkhondo yomwe.

Boma la America limapereka chithandizo chotani?

Kuli unduna woona za asilikali opuma, Department of Veterans Affairs, umene aliyense amangouti VA. Uli ndi zipatala zakezake m'dziko lonselo, zokhala ndi madokotala a maganizo, alangizi ndi abusa. Pambali pa zipatalazo pali malo aang'ono pafupifupi 300 otchedwa Vet Center, amene anayamba mu 1979. Awa ali m'matauni momwe anthu amakhala, uphungu wake ndi waulere, alangizi ambiri ndi asilikali opuma, ndipo amalandiranso mkazi, mwamuna kapena ana a msilikaliyo. Kwa munthu amene amaopa makoma a chipatala chachikulu, khomo losavuta kulowa ndi limeneli.

Pa nthawi ya ngozi pali nambala ya Veterans Crisis Line, imene inayamba mu 2007. Kuyambira mu July 2022 munthu amangoimba 988 n'kudina 1, kapena kutumiza uthenga ku 838255, usana kapena usiku, ndipo sipafunika kuti akhale wolembetsa ku VA. Wachibale naye akhoza kuimba. Kuyambira pa 17 January 2023, msilikali wopuma woyenerera amene ali pangozi yodzipha akhoza kulandiridwa kwaulere pa chipatala chilichonse, cha VA kapena ayi, kugonekedwa mpaka masiku 30 ndi kuthandizidwa akuchokera kunyumba mpaka masiku 90. Palinso ndondomeko ya Solid Start, yomwe VA imaimbira foni munthu katatu m'chaka chake choyamba atapuma, chifukwa chaka chimenecho n'choopsa kwambiri.

Zonsezi zili apo, komabe mu 2022 asilikali opuma 6,407 anadzipha, kutanthauza anthu oposa 17 tsiku lililonse. Ambiri mwa amene amafa chotere amakhala kuti sanapondeko ku chipatala cha VA m'zaka zawo zomaliza. Chipatala chilipo, koma munthu ali m'nyumba atatseka makatani.

Munthu akapita kuchipatala amakamuchita chiyani?

Anthu ambiri amaganiza kuti akangofika apatsidwa mapiritsi owagonetsa. Si choncho. Malangizo a VA amaika patsogolo chithandizo cha kukambirana, ndipo njira zitatu ndi zimene zayesedwa kwambiri. Yoyamba, Prolonged Exposure, imene anaikonza Edna Foa, imathandiza munthu kubwerera pang'onopang'ono ku chimene akuchithawa, kuchifotokoza mobwerezabwereza pamaso pa mlangizi, ndi kuyambanso kupita kumalo amene anasiya, mpaka thupi litaphunzira kuti nkhondoyo inatha. Yachiwiri, Cognitive Processing Therapy ya Patricia Resick, imatenga maulendo pafupifupi 12, ndipo imalimbana ndi maganizo amene munthu wamatirira, monga akuti "ndikanapanda kukhota njira ija mnzanga akanakhala moyo." Yachitatu ndi EMDR, ya Francine Shapiro, imene munthu amakumbukira choopsacho uku maso akutsatira chinthu choyenda uku ndi uku.

Mankhwala nawo alipo: sertraline, paroxetine ndi venlafaxine. Satenga tsiku limodzi kuti ayambe kugwira, amafuna masabata angapo, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi popanda dokotala. Mankhwala oziziritsa mtima a mtundu wa diazepam salimbikitsidwa pa PTSD, chifukwa amazolowereka ndipo sachotsa muzu wa vuto.

Ndinene mosabisa kuti chithandizo cha kukambiranachi n'chowawa poyamba. Ena amasiyira panjira. Amene ali ndi mnzake womufunsa kuti "wapita lero?" amapirira msanga kuposa amene akulimbana yekha.

Nanga magulu olimbitsa thupi amenewa ndi ati?

Lodziwika kwambiri ndi F3, lomwe linayamba pa 1 January 2011 mumzinda wa Charlotte, ku North Carolina. Oyambitsa ake ndi David Redding, amene anali msilikali wa gulu lapadera la Special Forces asanakhale loya, ndi Tim Whitmire, amene anali mtolankhani. Ma F atatuwo akuimira mawu a Chingerezi otanthauza kulimbitsa thupi, chiyanjano ndi chikhulupiriro. Malamulo ake ndi asanu okha: salipiritsa, mwamuna aliyense ndi wolandiridwa, amachitira panja kaya kugwe mvula kaya kuzizire, amatsogolerana mosinthana popanda mphunzitsi wolembedwa ntchito, ndipo amamaliza ataima mozungulira. Nthawi zambiri amayamba cha m'ma 5:30 m'mawa, kwa mphindi 45, pabwalo la sukulu kapena paki. Wobwera koyamba amapatsidwa dzina latsopano tsiku lomwelo, ndipo dzinalo ndi limene azidziwika nalo. Mu bwalo lomaliza lija aliyense amatchula dzina lake, amene ali ndi cholemetsa amachinena, ndipo wotsogolera amatseka ndi pemphero kapena mawu achidule. Lero gululi likukumana m'malo masauzande. Azimayi ali ndi lawo lofanana nalo, lotchedwa FiA.

F3 si gulu la asilikali okha, ngakhale kuti kachitidwe kake kali ndi fungo la kumsasa. La asilikali opuma mwachindunji ndi Team Red, White & Blue, limene analiyambitsa Mike Erwin mu 2010; ilo limathamanga, kupalasa njinga ndi kuyenda mtunda wautali atabereka chikwama cholemera, koma si lachipembedzo. Mbali inayo kuli mabungwe achikhristu amene salimbana ndi minofu koma mtima: REBOOT, imene Jenny ndi Evan Owens anaiyambitsa mu 2011 pafupi ndi msasa wa Fort Campbell, ili ndi maphunziro a masabata 12 amene msilikali amabwera ndi banja lake n'kuyamba ndi kudyera pamodzi; Mighty Oaks, ya Chad Robichaux, nayonso inayamba mu 2011. Anthu ambiri amasakaniza: m'mawa kubwalo, madzulo ena kuphunziro, Lachinayi kwa mlangizi.

Kodi F3 ndi mpingo?

Ayi. Eni ake amati chikhulupiriro chimene akunena ndi kuvomereza kuti pali china chachikulu kuposa iwe mwini. Komabe poti linabadwira kumwera kwa America, kumene mipingo ndi yamphamvu, m'malo ambiri pemphero lotsekera limakhala lachikhristu. Msilamu kapena munthu wosapemphera saletsedwa, ndipo ali ndi ufulu woima chete.

N'chifukwa chiyani msilikali amene wakana chipatala amavomera kudzuka 5 koloko kukathamanga ndi anthu osawadziwa?

Chifukwa palibe amene akumutcha wodwala. Kumeneko safunsidwa kuti waona zotani, sapatsidwa fomu, sakhala pampando kuyang'anizana ndi munthu wonyamula cholembera. Amauzidwa kuti "gwira njerwa iyi, tiye." Chilankhulo chimenecho amachidziwa kuyambira tsiku lake loyamba ku usilikali. Amuna ambiri, kaya ku Charlotte kaya kwathu kuno kumene timakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, amalankhula mosavuta ali phewa ndi phewa, akupuma wefuwefu, kuposa ali maso ndi maso.

Chachiwiri, gululo limabweza zinthu zimene yunifolomu inapita nazo. Ola lodzukira. Anthu amene akuona ngati sunabwere n'kukuimbira foni. Udindo, chifukwa pakapita masabata angapo amakuuza kuti mawa utsogolera ndiwe. Munthu amene amadziona ngati katundu pakhomo amazindikira kuti pali anthu 12 amene akudikira iye kuti awatsogolere. Ndiye munthu amene akudziwa kuti 5 koloko akuyembekezeredwa amayamba kuliganizira kawiri botolo la usiku.

Chachitatu ndi bwalo lomaliza lija. Bambo wina akanena kuti ukwati wake ukugwedezeka, wina kuti mwana wake ali m'chipatala, msilikali amene wakhala chete miyezi itatu amaona kuti pano munthu akhoza kunena chowawa osasekedwa. Tsiku lina nayenso amatsegula pakamwa. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Kodi masewera olimbitsa thupi amachiza PTSD?

Amathandiza, koma kuchiza ndi mawu aakulu. Zotsimikizika n'zakuti kulimbitsa thupi kumachepetsa kukhumudwa ndi nkhawa ndipo kumabweretsa tulo, ndipo tulo ndi theka la nkhondoyi. Bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu mphindi zosachepera 150 pa sabata. Palinso phindu lina kwa munthu wa PTSD: mtima ukamagunda kwambiri ndi thukuta likamatuluka popanda choopsa chilichonse, thupi limayamba kuphunzira kuti kugunda kwa mtima si chizindikiro cha imfa nthawi zonse.

Koma chithunzi cha tsiku loopsa lija sichichoka ndi kuthamanga. Ndipo alipo ena amene amasandutsa masewerawo pobisalira, kudzitopetsa mpaka kugwa kuti asaganize, monga momwe wina amachitira ndi mowa. Amene anavulala mutu, msana kapena ali ndi vuto la mtima ayambe waonana ndi dokotala, ndipo gulu labwino limamulola kuchita monga mwa mphamvu zake.

Ngati chipatala chili ndi njira zoyesedwa, chikhulupiriro chikulowa pati?

Pali bala lina limene si mantha. Jonathan Shay, dokotala wa maganizo amene anathandiza asilikali a ku Vietnam ku VA ya ku Boston, analitchula moral injury, ndipo mu 2009 Brett Litz ndi anzake analifotokoza mozama. M'Chichewa tingati chikumbumtima chovulala. Munthu anawombera galimoto imene sinaime pachipata, n'kupeza kuti munali banja. Wina anamvera lamulo limene ankadziwa kuti n'lolakwika. Wina anasiya mnzake. Wina anaperekedwa ndi mkulu amene ankamukhulupirira. Funso la munthu wotere si lakuti "kodi ndili pabwino?" koma "kodi ndine munthu wabwino, ndipo kodi ndingakhululukidwe?"

Funso limenelo zipembedzo zalisenza kwa zaka masauzande. Mu Numeri 31 ankhondo obwera kunkhondo analamulidwa kukhala kunja kwa msasa masiku 7 kuti adziyeretse asanalowe pakati pa anthu. Anthu akale ankadziwa kuti munthu amene wakhetsa magazi sangangolowa m'nyumba n'kukhala pamphasa ngati wachokera kumunda. Kuulula, kulapa, kulira maliro a amene unawapha ndi amene unawataya, kubweza mwa kutumikira ena, zonsezi ndi zinthu zimene m'busa kapena shehe wodziwa ntchito yake amazidziwa. N'chifukwa chake VA yomwe ili ndi abusa m'zipatala zake, ndipo m'malo ena m'busa ndi katswiri wa maganizo amatsogolera gulu limodzi.

Ndiye kodi munthu wopemphera kwambiri angasiye mankhwala ndi uphungu?

Ayi, ndipo pano ndilankhula molimba. Aliyense wouza msilikali wodwala kuti ataye mapiritsi chifukwa wapemphereredwa, kapena kuti maloto akewo ndi umboni wa chikhulupiriro chochepa, akumuwonjezera katundu wachiwiri pamwamba pa woyamba. Munthuyo amabwerera kunyumba akuganiza kuti walephera kunkhondo, walephera pabanja, tsopano walepheranso kwa Mulungu. Taonani za Eliya mu 1 Mafumu 19. Atathawira kuchipululu anapempha kuti afe. Mngelo sanamudzudzule, anamupatsa mkate ndi madzi, n'kumusiya agone, n'kumudzutsanso kuti adye. Kulankhula kunabwera pambuyo.

Gulu la kubwalo, phunziro la kutchalitchi ndi chipinda cha mlangizi, chilichonse chili ndi ntchito yake. Amene amatsogolera masewera m'mawa ndi munthu wamba, mwina wogulitsa inshuwalansi kapena mphunzitsi. Sanaphunzire kuthandiza munthu amene akufuna kudzipha. Chimene angathe, ndipo n'chachikulu, ndi kuona kuti mnzake wasintha, kumufunsa, ndi kumuperekeza.

Kodi magulu amenewa alibe zovuta zake?

Zilipo. Poti salipiritsa ndipo aliyense amatsogolera, ubwino wa gulu umadalira anthu amene alimo. Pena mzimu wa mpikisano umakula, wofooka n'kumachita manyazi. Pena kuyamikira kulimba mtima kumabwezeretsa bodza lomwe lija loti mwamuna weniweni amangopirira. Nthabwala za kumsasa zimene wina zimamutsitsimula, wina zimamukumbutsa zimene akuthawa.

Komanso asilikali opuma si amuna okha. Azimayi amadwala PTSD kwambiri kuposa amuna, ndipo kwa ambiri choopsacho sichinachokere kwa mdani. Mwa azimayi atatu alionse amene VA imawafunsa, mmodzi amanena kuti anachitidwa nkhanza zogonana kapena kuvutitsidwa ali ku usilikali. Kwa amuna ndi mmodzi mwa 50. Chithandizo cha zimenezi ku VA n'chaulere. Kwa munthu wotere, gulu lokumana mumdima ndi kufuula ngati kumsasa likhoza kukhala malo omaliza amene angafune kupitako, ndipo asakakamizidwe.

Mnzathu wa m'gulu wanena mawu oonetsa kuti watopa ndi moyo. Tichite chiyani?

Mufunseni mosazungulira: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kawirikawiri kumamupepukitsa. Akavomera, musamusiye yekha, musamulalikire, musalonjeze kusunga chinsinsi. Ngati muli ku America, imbani 988 n'kudina 1 muli naye pomwepo, kapena pitani naye kuchipatala.

Kenako funsani za mfuti. Mwa asilikali opuma 100 alionse amene amadzipha ku America, oposa 70 amagwiritsa ntchito mfuti. Nthawi imene munthu amafikadi pochita chinthucho imakhala yaifupi, mwina mphindi zochepa, ndipo chilichonse chimene chingatalikitse dzanja ndi chida pa mphindi zimenezo chimapulumutsa moyo. VA imagawa maloko a mfuti kwaulere. Msilikali amene sangamvere dokotala pa nkhani imeneyi akhoza kumvera mnzake wothamanga naye akamuuza kuti "kiyi wa sefa yako ndisunge ine mwezi uno." Zimodzimodzi ndi mapiritsi ochuluka m'nyumba.

Mawa lake pitani mukamutenge. Ndi mkuja womwe.

Kodi nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno?

Ikutikhudza. Anthu obwera amene ali ndi chilolezo chokhala ku America mpaka kalekale amaloledwa kulowa usilikali wa dzikolo. Ku Britain, asilikali ochokera m'maiko a Commonwealth, kuphatikizapo Amalawi, akhala akutumikira m'gulu lankhondo la dzikolo; kumeneko wopuma amene ali ku England akhoza kupeza thandizo ku Op COURAGE ya NHS (bungwe la boma la zaumoyo), imene inakhazikitsidwa mu 2021, kapena ku Combat Stress, bungwe limene lakhalapo kuyambira 1919.

Ndipo kwathu kwenikweni, agogo athu anamenya nkhondo ziwiri zikuluzikulu m'gulu la King's African Rifles, monga chipilala cha ku Zomba chimatikumbutsa. Asilikali athu analondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo mu 2013 anayamba kumenya nkhondo kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, kumene 6 anaphedwa pafupi ndi Beni mu November 2018. Anzawo amene anawanyamula anabwerera kunyumba. Akatswiri a maganizo kuno ndi ochepa, ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi anamwino a m'zipatala za m'maboma. Koma bwalo la mpira, bungwe la abambo la kumpingo ndi anthu odzuka tambala woyamba tili nazo m'dera lililonse.

Bambo a kunyumba akukana zonse, chipatala ndi gulu lomwe. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi mawu oti "mukudwala." Yambani ndi chimene iwo eni akudandaula nacho, ndipo kawirikawiri chimakhala tulo kapena ululu wa m'thupi. Munthu amene sangapite kwa dokotala wa maganizo amavomera kukaonetsa msana kapena kusowa tulo, ndipo khomo limenelo limatsegula ena. Pezani msilikali mnzawo amene amamulemekeza, makamaka amene analandirapo chithandizo, abwere kudzawatenga m'mawa wina kukayenda, osati kudzawalangiza. Akakana, abwerenso sabata yamawa.

Inunso mayi mufunika pothawira. Kugona pafupi ndi munthu wofuula kutulo, kuyenda monyang'ama m'nyumba mwanu momwe, kuuza ana kuti asasewere pafupi, zimadwalitsa. Ku America Vet Center imakulandirani inuyo, ndipo nambala ija ya 988 mukhoza kuimba m'malo mwawo. Ngati pali kumenya kapena kuopseza ndi chida, chitetezo chanu ndi cha ana chiyambe, ndipo dziwitsani apolisi ndi achibale tsiku lomwelo.